Khodi ikamabwererabwerera pa katapila, musathamangire kugula sensa

Vuto lomwe likudya ndalama za eni makina olemera kuno ku Kasungu limayenda m'njira imodzimodzi. Ekisikaveta ikukumba damu pa esiteti ku Chamama, kapena giledala ikusalaza msewu wa fumbi cha ku Santhe, mwadzidzidzi nyali yayaka pa sikirini, nambala yatuluka, injini yafooka. Opareta aimbira bwana, bwana atumiza makaniko, makaniko afufuta khodi, yomwe ndi nambala ya vuto ija, makina agwira ntchito masiku ochepa, khodi ija yabweranso. Kenako atuma mnyamata ku Lilongwe kukagula sensa (kachipangizo koyeza zinthu monga kutentha kapena puresha) yomwe dzina lake likugwirizana ndi khodiyo, aimanga, koma sabata isanathe nyali yayakanso. Apa anthu amayamba kunena kuti kompyuta yapsa, ndipo mtengo wa kompyutayo ukatchulidwa aliyense amagwira pakamwa.

Khodi sinena kuti gulani chakutichakuti. Kompyuta ya injini, yomwe timaitcha ECM, siona sensa. Imangoyeza volteji yomwe ikufika pa phini lake n'kunena kuti yakwera, yatsika kapena yasowa. Pakati pa phini limenelo ndi sensa pali waya wa mamita angapo, mapulagi awiri kapena atatu, ethi (njira yomwe magetsi amabwererera ku negativu wa batire kudzera m'chitsulo cha makina), fyuzi ndi mabatire, ndipo chilichonse mwa zimenezi chikhoza kutulutsa khodi yomweyomweyo. Pa makina omwe amapuma fumbi la Okutobala n'kusambira m'matope a Januwale, ine ndimayamba kukayikira za m'njirazi, sensa ndimaifikira pomaliza.

Musanafufute chilichonse

Khodi ikatuluka, tulutsani foni. Jambulani sikirini kuti nambala zonse zioneke, osati yoyamba yokha, ndipo mujambulenso mita ya maola. Makina ambiri amasiyanitsa makhodi omwe alipo pakali pano ndi omwe anabwera n'kupita, ndipo pa akale aja amasunga kuti anatuluka kangati, koyamba pa ola liti, komaliza pa ola liti. Wofufuta zimenezi asanazilembe wadziwonjezera ntchito ya tsiku lathunthu. Khodi yomwe inatuluka kamodzi miyezi yapitayo, mwina pomwe wina anazula pulagi posintha filita, si yofanana ndi yomwe yatuluka kambirimbiri sabata ino.

Kenako opareta. Amakaniko ena amafika pa saiti n'kulunjika ku injini osapereka ngakhale moni kwa munthu amene amaswera m'kabini tsiku lonse, ndipo potero amadzimana okha. Khalani nawo pamthunzi muwafunse mofatsa: "Achimwene, zimayamba m'mawa injini ikadali yozizira, kapena masana ikatentha? Mukamazungulira mbali imodzi, kapena mukamayenda pa miyala? Mvula ikagwa? Alipo anawotcherera baketi posachedwa? Munadzutsirapo makinawa ndi batire la galimoto ina? Dizilo womaliza munathira wa kuti?" Munthu akaona kuti simukumusakira mlandu amanena zoona, ndipo yankho limodzi lokha likhoza kukulozerani koyambira.

Musanapise mkono paliponse, baketi kapena buledi ikhale pansi, loko ya hayidiroliki ikhale yotseka, buleki yoimikira igwire, ndipo kiyi akhale m'thumba mwanu kupatula pomwe muyeso ukufuna kuti ayatsidwe.

Nambala yachiwiri ndiyo imanena zambiri

Injini zambiri zamakono, kuphatikizapo zomwe zimabwera m'makina a SANY, XCMG, SDLG ndi LiuGong, zimatsata dongosolo la SAE J1939. Khodi yake ili ndi magawo awiri. SPN imatchula dera lomwe muli vuto: 100 ndi puresha ya oyilo wa injini, 110 ndi kutentha kwa madzi, 102 ndi puresha ya mpweya wochokera ku turbo, 157 ndi puresha ya mu common rail (paipi yosunga dizilo wa puresha yaikulu asanalowe mu injini), 97 ndi madzi mu dizilo, 190 ndi liwiro la injini, 168 ndi volteji ya batire, ndipo 651 mpaka 656 ndi ma injector (opopera dizilo mu injini) a silinda 1 mpaka 6. FMI imanena mmene vutolo laonekera, ndipo iyi ndi yomwe anthu amaidumpha poimba foni. Munthu amangoti "ikulemba 110", chonsecho 110 yokhayo siithandiza kanthu.

FMI 3 ikutanthauza kuti volteji yakwera kupyola malire, 4 kuti yatsika kupyola malire, 5 kuti magetsi sakudutsa monga waya akaduka, 6 kuti akudutsa ochuluka monga pakakhala shoti. Zinayi zimenezi ndi za waya, pulagi ndi sensa. FMI 2 ndi uthenga wodumphadumpha, 8 ndi uthenga wa liwiro wosokonekera, 9 ndi uthenga womwe kompyuta ina imayenera kutumiza koma sunafike pa nthawi yake, 7 ndi chitsulo chomwe chalamulidwa kusuntha koma sichinasunthe, 12 ndi chipangizo chomwe chadziona chokha kuti chawonongeka, 13 ndi chofuna calibration, kutanthauza kuchunidwa kuti chiziyeza molondola.

Koma FMI 0 ndi 1, pamodzi ndi abale ake 15 mpaka 18, ndi nkhani ina. Apa kompyuta ikunena kuti muyesowo ikuukhulupirira, ndipo chomwe chayesedwacho n'chomwe chakwera kapena kutsika. SPN 100 FMI 3 ndi vuto la magetsi a sensa ya oyilo. SPN 100 FMI 1 ikutanthauza kuti puresha ya oyilo yatsika mowopsa. Zimitsani injini pomwepo, onani mulingo wa oyilo, mangani geji yamanja muyeze puresha yeniyeni musanaganize za waya. Injini zimafa chifukwa wina anasakaniza makhodi awiriwa n'kunena kuti "ndi sensa chabe, pitirizani kukumba".

Caterpillar ili ndi kalembedwe kake ka MID, CID ndi FMI: MID imatchula kompyuta, CID imatchula chipangizo kapena dera lomwe muli vuto. MID 036 ndi ECM ya injini, CID 0110 ndi sensa ya kutentha kwa madzi, 0168 ndi volteji ya makina, 0262 ndi 5 V yodyetsa masensa, 0247 ndi mawaya a J1939. Makhodi oyamba ndi E, monga E360 ya kutsika kwa puresha ya oyilo ndi E361 ya kutentha kwa madzi, akunena zomwe zikuchitikadi mu injini, osati vuto la waya. Pa Komatsu ngati PC200-8, nambala yaifupi yomwe opareta amaona, monga E02 kapena E10, imangomuuza chochita. Khodi yeniyeni muipeza mkati mwa monita. Zoyamba ndi CA ndi za injini, ndipo nambala zake zimafanana ndi za Cummins: CA441 ndi volteji ya batire yotsika, CA144 ndi CA145 ndi sensa ya kutentha kwa madzi, CA559 ndi puresha ya rail yotsika. Pa makhodi ena a Komatsu zilembo ziwiri zomaliza ndizo zimagwira ntchito ya FMI: KA waya waduka, KB shoti, KY waya wakhudzana ndi wa moto, KR makompyuta sakumvana. Pa Volvo zakale, MID 128 ndi injini. Buku ndi mapu a mawaya muzisaka ndi siriyo nambala ya makina anuwo, chifukwa makina a dzina limodzi amasiyana mawaya malinga ndi chaka komanso dziko lomwe anapangidwira.

Yambani ndi mabatire ndi ethi, ngakhale khodi ikunena zina

Makina ambiri akuluakulu ndi a 24 V, mabatire awiri a 12 V olumikizana motsatana. Yezani batire lililonse palokha ndi mita yoyezera magetsi makina atapuma. Lodzadza bwino limaonetsa pafupifupi 12.6 V, ndipo lomwe lili pa 12.2 V latsala theka. Limodzi likamaonetsa 12.6 V linzake 12.1 V, mwapeza kale poyambira. Kenako ikani mita pa onse awiri wina azunguze sitata. Volteji ikagwa kufika pansi pa 18 V, kompyuta imatha kuzima kwa kanthawi n'kudzukanso, ndipo podzukapo imalemba makhodi a zinthu zomwe zilibe vuto n'komwe. Injini ikamayenda muone pakati pa 27 V ndi 28.5 V. Ikakhala pansi pa apo alternator sikutchaja mokwanira, kaya chifukwa cha lamba wolobodoka kaya cha iyo yomwe, ndipo pa Komatsu mudzaona AB00KE. Ikamafika 30 V kapena kupitirira, regulator, yomwe imaletsa volteji kukwera mopyola, yatha ndipo ikuphika mabatire. Tembenuzaninso mita pa AC muyeze pa alternator pomwepo: ikamayandikira 1 V, ma diode a m'kati mwake akutha, ndipo magetsi osalongosoka amenewa amasokoneza makamaka masensa a liwiro.

Pali chizolowezi chimodzi chomwe ndimachidandaula kwambiri. Opareta akafuna wailesi, kafani kapena chotchajira foni, wina amakoka waya kuchokera pa batire limodzi kuti apeze 12 V. Batire limenelo limatsalira tsiku ndi tsiku, linzake n'kumatchajidwa mopyola, ndipo pakapita miyezi onse awiri atha, makhodi a volteji ali mbwee. Kachipangizo kotsitsa 24 V kukhala 12 V n'kotsika mtengo kuyerekeza ndi batire. N'chimodzimodzi kusakaniza batire latsopano ndi lakale, lakale limakoka latsopano lija.

Tsopano ethi. Ambiri amayeza waya ndi kulira kwa mita, ikalira "piii" amati waya ali bwino. Kulirako kumanama. Waya yemwe watsala ndi kachingwe kamodzi mkati ali ngati mlatho wa mtengo umodzi pa kamtsinje ka kudimba: mwana awoloka, ngolo siiwoloka. Mita imatumiza timagetsi tochepa tomwe timadutsa, koma sitata kapena solenoid (koyilo yosuntha valavu kapena switchi ndi magetsi) ikakoka zenizeni njira imakana. Choncho yezani volteji yotayika makina akugwira ntchito. Nsonga imodzi ya mita pa mutu weniweni wa negativu wa batire, osati pa kalampu, inayo pa chitsulo cha injini chopanda penti, wina azunguze sitata. Mukaona kupitirira 0.5 V, njira ya ethi ili ndi vuto. Chitaninso chimodzimodzi mbali ziwiri za switchi yaikulu yodulira mabatire, chifukwa fumbi ndi chinyezi zimadya mkati mwake munthu osaona. Pakati pa phini la ethi la ECM ndi negativu wa batire, kiyi ali woyatsa, pasapitirire 0.2 V.

Lamba wa ethi wochoka ku injini kupita ku chesisi musangomuyang'ana. Masulani bawuti, mudzapeza pansi pake pali dzimbiri kapena penti ya munthu amene anapopera makina kuti agulitsike. Palani ndi sandipepa mpaka chitsulo chiwale mbali zonse ziwiri, mangani mwamphamvu, pakani girisi pamwamba. Waya wobweretsa moto ku ECM mukhoza kumuyesa ndi babu la 24 V la nyali yakutsogolo mutazula pulagi ya ECM: likayaka mofooka, fufuzani fyuzi, mpando wa fyuzi ndi relay. Babu limeneli lisayandikire mawaya a masensa kapena a CAN, omwe makompyuta a makina amatumizirana uthenga.

Kuyesa sensa imodzi

Titenge SPN 110 FMI 3 pa sensa ya mawaya awiri. Sensa yotere mphamvu yake yokana magetsi imatsika madzi akamatentha. FMI 3 nthawi zambiri imatanthauza kuti njira yaduka penapake. Zimitsani kiyi, zulani pulagi, walitsani tochi mkati. Onani ngati phini lapindika, labwerera m'mbuyo, kapena lachita dzimbiri lobiriwira. Ngati zonse zikuoneka bwino, tengani kawaya kakafupi kokhala ndi mapini oyenera, mulumikize mabowo awiri a pulagi ya mbali yopita ku kompyuta. Yatsani kiyi mudikire pafupifupi theka la mphindi. Khodi ikasintha kuchoka pa 3 kupita pa 4, ndiye kuti ECM ndi mawaya onse awiri akugwira ntchito, wolakwa ndi sensa kapena mapini ake, ndipo apa mukhoza kutuma mnyamata ku Lilongwe ndi mtima umodzi. Ikakhalabe pa 3, sensa ilibe mlandu. Sunthani kawaya kaja mukalumikize pafupi ndi ECM pa mapini omwe mapu akuonetsa: ikasintha kumeneko, waya waduka pakati.

Khodi ikakhala FMI 4 n'kosavuta. Zulani sensa basi. Ikasanduka 3, shoti ili mu sensa. Ikakhalabe 4, waya wa uthenga wasupuka penapake ndipo akukhudza chitsulo.

Masensa a puresha ambiri ali ndi mawaya atatu: wobweretsa 5 V, wobwerera, ndi wa uthenga womwe umayenda pakati pa 0.5 V ndi 4.5 V. Pa amenewa musalumikize mabowo mwachisawawa, chifukwa mukagundanitsa 5 V ndi wobwerera mukuvutitsa ECM. Yezani kaye pakati pa 5 V ndi wobwerera, ikhale pakati pa 4.75 V ndi 5.25 V, kenako muyeze uthenga pulagi ili yolumikiza, polowetsa kaphini kakang'ono kumbuyo kwa pulagi m'mbali mwa rabala. Musaboole chikopa cha waya ndi singano. Bowo limenelo lidzamwa madzi mu Disembala, ndipo chaka chamawa mudzabweranso kudzasaka vuto lomwe linayambira pamenepo. Dziwaninso kuti makina amasiyana: pa Caterpillar kuzula sensa kumatulutsa FMI 3, pomwe pa masensa ambiri a puresha a Cummins kumatulutsa FMI 4. Buku la injiniyo likuuzani chomwe muyembekezere.

Masensa atatu kapena anayi akadandaula nthawi imodzi, musagule ngakhale imodzi. Sizichitika kuti onse afe tsiku limodzi. Amadyera pa 5 V imodzi, ndipo sensa imodzi yokhala ndi shoti, kapena waya mmodzi wosupuka, amagwetsa onse. Pambali pake mudzaona SPN 3509 kapena 3510, pa Caterpillar 262, pa Komatsu CA187 kapena CA352. Ikani mita pa 5 V, zulani masensa a gulu limenelo imodzi imodzi mukuyang'ana mita. Pomwe volteji ibwerere pa 5 V, yomwe mwangozulayo ndiyo yolakwa. Mukazula onse koma osabwerera, shoti ili m'mawaya.

Khodi yobwera n'kupita

Iyi ndiyo imatopetsa, chifukwa makaniko akafika imabisala. Njira yake ndi kugwedeza. Kiyi ali woyatsa, mnzanu akuyang'ana sikirini kapena mita, inu muziyenda ndi mtolo wa mawaya kuchokera ku sensa, mukuupinda ndi kuukoka pang'onopang'ono, chikhatho chimodzi pa nthawi. Pomwe nambala idumphe, imani pomwepo muvundukule. Cat ET, pulogalamu ya pa laputopu ya Caterpillar, ili ndi muyeso wake wa ntchito imeneyi womwe umagwira ngakhale kudumpha kwa kamphindi, koma maso a mnzanu ndi mita yabwino zimathandizanso.

Malo okayikitsa amadziwika. Pomwe mawaya atulukira m'kabini kudutsa pa bowo la chitsulo lomwe rabala wake anagwa. Pafupi ndi turbo ndi ekizozi pomwe chikopa chimauma n'kusweka. Pa tsinde la boom ya ekisikaveta ndi pakati pa giledala kapena loader pomwe makina amapindikira, chifukwa waya amapindidwa tsiku lonse mpaka kuduka mkati chikopa chili bwinobwino. Waya wotere mukamukoka amatamuka ngati lasitiki pa malo odukawo. Pomwe kalampu inasowa wina n'kumanga ndi waya wa mpanda.

Nyengo ya mvula ntchito zambiri zimaima, makina n'kuimikidwa pafupi ndi nkhokwe kapena shedi ya fodya. Makoswe amamanga zisa pansi pa mpando, kuseri kwa monita ndi m'bokosi la mafyuzi, n'kumatafuna mawaya. Makina omwe akhala miyezi osagwira ntchito, tsegulani malo amenewa musanayatse kiyi. Fungo la mkodzo wa khoswe m'kabini ndi chizindikiro chokwanira.

Mapulagi a mtundu wa Deutsch omwe ali pa makina ambiri salowa madzi pokhapokha rabala wake ali wathunthu ndipo bowo lililonse lopanda waya lili ndi chotsekera. Chotsekera chimodzi chikasowa, madzi alowa. Kutsuka makina ndi pampu ya puresha molunjika pa mapulagi kumakankhira madzi mkati, ndipo madziwo amayenda m'kati mwa waya mpaka kutali, kotero dzimbiri mumalipeza pa pulagi ina yomwe sinanyowe n'komwe. Oyilo nayenso amayenda chimodzimodzi kuchokera ku sensa yodontha mpaka kukafika pa pulagi ya ECM. Kokani waya aliyense kumbuyo kwa pulagi. Mabuku a Caterpillar amanena mphamvu ya 45 N, yomwe ili ngati kunyamula makilogalamu anayi ndi theka, ndipo waya wofinyidwa bwino sasolotoka. Phini lachikazi likakula kamwa siligwira: lowetsani phini lachimuna latsopano, likamalowa n'kutuluka mopanda kukana, sinthani.

Pokonza, kupota mawaya ndi zala n'kukulunga tepi si kukonza. Malo amenewo adzatulutsa FMI 2 mvula yoyamba ikagwa. Dulani mpaka mupeze kopa wowala, ikani waya wa makulidwe omwewo, finyani ndi pulayala yake, valikani chubu chofota ndi moto chokhala ndi guluu mkati, ndipo mumange mtolowo kuti usakhuzenso pomwe unakhuza.

Makompyuta akasiya kumvana

Monita ikangoti mbee, mageji onse agwa, kapena mwaona FMI 9, SPN 639, 247 pa Caterpillar, kapena KR pa Komatsu, ndiye kuti uthenga sukuyenda pakati pa makompyuta. Kawirikawiri kompyuta imodzi yangosowa moto kapena ethi, choncho yambani ndi fyuzi yake. Zikakhala bwino, pitani pa mawaya awiri opotana a CAN, omwe pa J1939 amakhala wachikasu ndi wobiriwira. Kumapeto onse awiri kuli resistor (kachipangizo kokana magetsi) ya 120 ohm. Dulani mabatire muyeze pakati pa mawaya awiriwa: 60 ohm ndiye zili bwino. Mukaona 120 ohm, resistor imodzi yasowa kapena waya waduka. Pafupifupi 40 ohm, wina anawonjezera yachitatu. Pafupi ndi 0, mawaya akhudzana. Mukabwezera mabatire n'kuyatsa kiyi, wachikasu amaonetsa pamwamba pang'ono pa 2.5 V, wobiriwira pansi pang'ono. Pa soketi yozungulira ya mapini 9 ya J1939, amenewa ndi mapini C ndi D, koma ya Caterpillar inasanjidwa mosiyana, onani mapu musanapise.

Funsaninso ngati makinawo anaikidwa kachipangizo kolondolera komwe ali kapena koyezera mafuta. Koikidwa bwino sikavuta, koma kolumikizidwa mosasamala pa mawaya a CAN kamasokoneza makina onse. Kazuleni muone ngati vuto litha.

Makhodi omwe si a magetsi

CA559, kapena SPN 157 FMI 18, imachititsa anthu kugula sensa ya rail pachabe. Sensa ikunena zoona, dizilo sakufika wokwanira. Nthawi yomwe mafuta amasowa m'dziko muno, makina ambiri amamwa dizilo wa m'zigubu yemwe palibe akudziwa komwe wadutsa, mwina muli madzi, fumbi kapena palafini. Khuthulani madzi pa filita yoyamba mu botolo loonekera muone chomwe chikhale pansi, sinthani mafilita, onani kasefa ka mu thanki, fufuzani pomwe paipi ikuyamwa mpweya. Pampu ndi ma injector muziganizire zimenezi zitatha.

Apa pali ngozi ziwiri zenizeni. Puresha ya common rail imapitirira 1,500 bar, ndipo dizilo wotuluka pa kabowo amaboola khungu n'kulowa m'thupi. Musamasule paipi injini ikuyenda, musasake podontha ndi chala. Komanso ma injector a injini zina za Caterpillar amalandira volteji yopitirira 100 V, choncho pulagi yawo izulidwe kiyi ali wozimitsa.

Enanso khodi ikawakwana amaika resistor m'malo mwa sensa ya kutentha kapena ya oyilo kuti nyali izime. Zimenezi ndimazikana kotheratu. Nyali izimadi, koma tsiku lomwe paipi ya madzi idzaphulike kompyuta sidzadziwa kanthu, ndipo injini idzayenda mpaka kugwirana.

ECM yeniyeniyo

Makompyuta amenewa ndi olimba, ndipo akafa nthawi zambiri pamakhala chomwe chawapha. Kuwotcherera baketi kapena boom mabatire ali olumikiza ndi chimodzi. Wowotcherera asanayambe, dulani switchi yaikulu, chotsani negativu wa batire, zulani mapulagi a makompyuta, ndipo kalampu ya ethi ya makina owotchererawo igwire pafupi ndi pomwe akuwotcherera, magetsi asadutse pa phini, beyaringi kapena silinda. Pa makina ogwiritsa ntchito AdBlue, madzi apadera oyeretsa utsi, dikirani kaye dongosolo lake limalize kudzikhuthula musanadule mabatire. Chachiwiri ndi kudzutsa makina molakwika: 24 V idzutsidwe ndi 24 V, pozitivu kwa pozitivu, ndipo makina owotcherera si odzutsira injini. Chachitatu ndi mchitidwe wakale wochotsa waya wa batire injini ikuyenda pofuna kuona ngati alternator ikutchaja. Pa thirakitala yakale yopanda kompyuta anthu ankapulumuka nazo, koma pa makina awa volteji imalumpha n'kuwotcha zomwe yapeza.

ECM muikayikire pokhapokha moto wake, ethi yake ndi mawaya a dera lomwe likudandaula mwaziyeza mpaka pa phini lake n'kupeza zili bwino, kapena ikatulutsa khodi yonena za mkati mwake monga FMI 12 kapena CA111. Ngakhale apo, musabwereke ECM ya makina ena kuti muyesere musanapeze chomwe chinapha yoyambayo, chifukwa shoti ya solenoid ikadalipo ipha ziwiri. ECM yatsopano imafunanso pulogalamu yogwirizana ndi injiniyo komanso manambala a ma injector, ndipo imeneyi ndi ntchito ya laputopu yokhala ndi Cat ET, Cummins INSITE, JCB ServiceMaster kapena Volvo Tech Tool, malinga ndi makina. Poimbira katswiri wa ku Lilongwe, mutumizireni siriyo nambala, zithunzi za makhodi ndi miyeso yomwe mwapeza. Ulendo wa makilomita oposa 100 pa M1 ndi wodula, ndipo munthu wodziwiratu zimenezi amanyamula chipangizo choyenera ulendo woyamba.

Mukakonza, apo ndiye mufufute makhodi akale aja. Kenako ayitaneni aopareta agwire ntchito yomweyo yomwe imautsa vutolo, injini itenthe, makina azungulire mbali yomwe anatchula, baketi ikumbe dothi lolimba, inu mukuyang'ana sikirini. Lembani m'kope losungidwa m'kabini tsiku, maola, khodi yonse ndi chomwe mwachita. Khodi ikabweranso ndi SPN yomweyo koma FMI ina, bwererani pomwe munalumikiza waya muyambire kuyeza pamenepo.